Katemera wa flu: funsani musanapinde shati

Amene mumakwera basi ya 05:00 kucokera ku Kafue kupita ku nchito ku Lusaka mukudziwa zimene zimacitika June akafika. Mawindo onse amatsekedwa. Aliyense ali mu jekete, amai adzikulunga citenge mpaka kumakutu, ndipo munthu akangoyesa kutsegula windo pang'ono, basi yonse imamuukira: "Imwe, muzatipaya na mphepo!" Conco timayenda makilomita oposa 40 titapanikizana anai anai pa mpando, tikupumirana mpweya. Kumbuyo wina akuyetsemula, pakati wina akutsokomola, kondakitala akulandira ndalama ndi dzanja lomwe wangopukutira mphuno. Pofika pa Chilanga, cimfine ca munthu mmodzi tagawana tonse.

Kale ine ndinali kuseka nkhani imeneyi. Flu ndi matenda a aliyense, timatero. Ndimu, jinja, panado, masiku atatu wadzuka. Caka catha ndinaleka kuseka. Ndinaitenga m'mabasi omwewa, ndinagona masiku awiri, ndinadzuka. Ambuya anga, amene ndimakhala nao ku Shikoswe, anaitengera kwa ine. Iwo ali ndi zaka za m'ma 70 ndipo amamwa mankhwala a shuga. Tsiku lacinai anayamba kupuma mofulumira ngati munthu amene wathamanga, osafuna ngakhale phala. Tinapita nao kucipatala usiku, ndipo adokotala anati matendawo atsikira m'mapapo, asanduka cibayo. Anagonekedwa masiku 9. Anacira, koma mpaka lero sangafike kumsika osapumula panjira kawiri.

Tsiku lotuluka, adokotala anandifunsa ngati ambuya analandirapo katemera wa fuluwenza. Ndinayankha kuti analandira wa Covid, kawiri konse. Iwo anapukusa mutu, nati ameneyo ndi wina. Ine mtolankhani, ndi dipuloma yanga, sindinali kudziwa kuti munthu angapeze katemera wa flu mu Zambia muno. Ndiye caka cino, April atangoyamba, ndinapita kukamufunafuna, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna tikambirane lero.

Liu limodzi, matenda awiri

M'Cinyanja timati cimfine, basi, koma matenda ndi awiri. Pali cimfine wamba, ca mamina ndi kuyetsemula, cimene munthu amapita naco ku nchito. Ndiye pali fuluwenza, imene imagwira mwadzidzidzi: m'mawa uli bwino, masana thupi latentha, mutu ukuwawa, mafupa ngati wamenyedwa, cifuwa couma. Tizilombo toyambitsa matenda awiriwa ndi tosiyana, ndipo katemera amene tikukamba pano ndi wa fuluwenza cabe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limati caka ciliconse anthu pafupifupi 1 biliyoni amadwala fuluwenza, 3 mpaka 5 miliyoni amadwala kwambiri, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira. Kuno kwathu, labotale ya mavairasi ya pa UTH ku Lusaka yakhala ikulondola matendawa kuyambira 2008, popima mamina a odwala ocokera m'zipatala zosankhidwa. Kafukufuku wa zaka za 2011 mpaka 2014 anayerekezera kuti anthu oposa 6,000 pa caka anali kugonekedwa m'zipatala za mu Zambia cifukwa ca fuluwenza, ndipo atatu mwa anai alionse anali ana osakwana zaka 5.

Kafue ili panjira, ndipo matenda oyenda ndi anthu saiphonya. Kumapeto kwa 1918, mliri wa fuluwenza umene unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse unalowa m'dziko lino kucokera kumwera motsatira njanji, njanji yomweyi imene imaoloka mtsinje wathu pa mlatho wa 1906. Umenewo unali mliri waukulu, wosiyana ndi flu ya caka ndi caka, koma mayendedwe ake ndi amodzi. Lero mathiraki ocokera ku Chirundu ndi ku Livingstone amakumana pa Turnpike ndi kudutsa pakati pa tauni, ndipo ife tomwe timapita ku Lusaka m'mawa ndi kubwerako madzulo.

Pa khadi la sikelo palibe

Nditayamba kukamba za katemerayu kunyumba, alamu anga anatulutsa khadi la sikelo la mwana wao wa caka cimodzi. Anandilozera pamene palembedwa DPT-HepB-Hib. Anali atamva kuti Hib imaimira Haemophilus influenzae. "Manje mulamu, si iyi flu yamene mukamba? Mwana analasiwa kudala."

Amai ambiri angaganize cimodzimodzi, ndipo si kulakwa kwao. Dzinali ndi losokoneza cifukwa linabwera mwa kuphonya. Mu 1892, wasayansi wa ku Germany, Richard Pfeiffer, anapeza bakiteriya m'makhololo a odwala fuluwenza, naganiza kuti ndiye woyambitsa matendawo. Vairasi yeniyeni inapezeka mwa anthu mu 1933 ku London, koma dzina la bakiteriya uja silinasinthidwe. Katemera wa Hib ndi wofunika kwambiri, amateteza mwana ku cibayo ndi ku matenda oumitsa khosi, koma fuluwenza saikhudza.

Zoona zake ndi izi: katemera wa fuluwenza sali pa ndandanda ya akatemera aulere amene boma limapereka ku sikelo. Amene akumufuna amamugula, makamaka m'mafamase akuluakulu ndi m'zipatala zolipira, zimene zambiri zili ku Lusaka. Ku South Africa ndi kosiyana: makiliniki a boma amamupereka kwaulere caka ndi caka, nyengo yozizira isanayambe, kwa okalamba, amai apakati ndi odwala matenda okhalitsa.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Katemera wa boma amabwera ndi dongosolo lake lonse: firiji yoyang'aniridwa, nesi wophunzitsidwa, buku lolembamo. Mai sayenera kufunsa ngati katemera wa cikuku wasungidwa bwino. Alipo amene nchito yao ndi imeneyo. Koma cinthu cikakhala cogula, pamabwera ogulitsa a mitundu yonse, oona mtima ndi ongofuna ndalama, ndipo udindo wosiyanitsa umagwera wogula.

Ndinadzionera ndekha. Pa kasitolo kena ka mankhwala mu Kafue muno, mnyamata wogulitsa sanazengereze. "Iliko boss. Siyani ndalama, mubwele mailo, nizaibweletsa kucoka ku town." Ndinamufunsa kuti adzainyamula mu ciani. Anandionetsa cikwama cakumsana. Nanga wolasa ndani? "Nili na munzanga wamene amaziba kulasa." Ndinathokoza ndi kutuluka. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo mafunso oyenera kufunsa ndi anai.

Funso loyamba: ndi wa caka cino?

Vairasi ya fuluwenza imasintha kaonekedwe nthawi zonse, ndipo citetezo cimene katemera amapereka cimacepa pakapita miyezi. Ndi cifukwa cake katemerayu amapangidwa mwatsopano caka ciliconse. Akatswiri a WHO amakumana kawiri pa caka: mu February amasankha mitundu ya vairasi yoika mu katemera wa maiko a kumpoto, monga a ku Ulaya, ndipo mu September amasankha ya maiko a kumwera, amene nyengo yao yozizira imafika pakati pa caka ngati ife. Kusintha kumeneku ndi kwenikweni. Mtundu wina wa fuluwenza, wochedwa B/Yamagata, sunapezekenso kulikonse kuyambira March 2020, moti mu September 2023 WHO inalangiza kuti ucotsedwe mu katemera.

Conco pemphani kuona bokosi. Wa kumwera kawirikawiri amalembedwa caka cimodzi ndi mau akuti Southern Hemisphere. Wa kumpoto amalembedwa zaka ziwiri, monga 2024/2025. Onaninso tsiku lothera mphamvu. Wotsala wa caka catha, ngakhale akuchipitsireni, musiyeni. Ndipo popeza thupi limatenga pafupifupi milungu iwiri kuti lipange citetezo, nthawi yabwino ndi April kapena May. Mukacedwa, kulandira mu June kumathandizabe, koma musayembekezere kuti nyumba yonse iyambe yagona.

Funso laciwiri: wasungidwa bwanji?

Katemera wa fuluwenza ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, kucokera ku fakitale mpaka pa mkono wanu. Asatenthedwe, asaumenso ngati aisi. Ife a ku Kafue tikudziwa bwino za malaiti. Tili pafupi ndi Kafue Gorge, kumene kumapangidwa magetsi ambiri a dziko lino, koma mu 2024, cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse citacepetsa madzi ku Kariba ndi ku Itezhi-Tezhi, makomboni ena anali kukhala maola 20 opanda magetsi. Tinataya nyama ndi nsomba za m'firiji. Nsomba ikaonongeka imanunkha, koma katemera woonongeka amaoneka cimodzimodzi ndi wabwino. Coopsa cake n'cakuti mumalipira, mumalasidwa, mumapita kunyumba mukuganiza kuti ndinu otetezedwa pamene simuli.

Pamalo oyenera, firiji ya mankhwala imakhala ndi coyezera kuzizira ndi pepala limene amalembapo madigiri tsiku ndi tsiku, ndipo pamakhala sola kapena jenereta. Funsani kuti malaiti akapita amacita bwanji. Woona mtima sakwiya ndi funso limenelo. Ngati katemera akutuluka mu firiji ya zakumwa, pakati pa mabotolo, bwererani. Komanso musagule katemera ku Lusaka kuti mumunyamule m'thumba pa basi mpaka ku Kafue kuti wina akakulaseni kunyumba. Landirani pamalo pomwe wasungidwa.

Funso lacitatu: wolasa ndani?

Mankhwala ndi mafamase mu Zambia amayang'aniridwa ndi ZAMRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Zipatala zolipira ndi madokotala amalembetsa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo manesi ali ndi bungwe lao, Nursing and Midwifery Council of Zambia. Malo ovomerezeka amapacika laisensi yao pacipupa. Iwerengeni, muone ngati ndi ya caka cino.

Wolasa akhale wa zaumoyo wolembetsedwa. Nyeleti itsegulidwe inu mukuona. Katemera wambiri wa fuluwenza amabwera ali kale mu sirinji ya munthu mmodzi. Mukalasidwa, khalani pomwepo mphindi 15. Mwa anthu pafupifupi 1 miliyoni, mmodzi thupi lake limakana katemera mwamphamvu, nkhope kutupa, kubanika, ndipo izi zimacitika m'mphindi zoyambirira. Pamalo oyenera amakhala ndi mankhwala a adrenaline okonzekeratu, ndipo munthu amapulumuka. Kuseri kwa kantemba mankhwala amenewo kulibe. Musanacoke, akulembereni dzina la katemera, tsiku ndi nambala ya pa bokosi.

Funso lacinai ndi la kwa inu eni: ndawauza zonse?

Ngati thupi latentha tsiku limenelo, yembekezerani mucire. Ngati katemera wina anakudwalitsanipo kwambiri, nenani. Katemera wambiri wa fuluwenza amapangidwira m'mazira a nkhuku. Amene mazira sakuyanjani mungathe kulandira, koma auzeni anesi adziwe. Amene munadwalapo matenda ofooketsa miyendo ndi manja ochedwa Guillain-Barré, yambani mwakamba ndi dokotala. Mwana wosakwana miyezi 6 salasidwa katemerayu. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 8 amene akulandira koyamba amafunika nyeleti ziwiri, zotalikirana milungu inai. Makolo ambiri amalipira yoyamba ndi kuiwala yaciwiri.

Ngati ndalama ndi za munthu mmodzi

M'nyumba zambiri za ku Zambia Compound, Soloboni kapena Nangongwe, simungalase banja lonse. Ndiye ayambe ndani? WHO imachula amai apakati, ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, okalamba, a zaumoyo, ndi odwala matenda okhalitsa monga mphumu, shuga, mtima, mapapo ndi HIV. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti akuluakulu 11 mwa 100 alionse mu Zambia ali ndi HIV. Kutanthauza kuti pafupifupi mu basi iliyonse ya m'mawa ija muli munthu amene fuluwenza ingamugoneke m'cipatala, ndipo simungamudziwe pomuyang'ana.

Amai apakati ambiri amaopa nyeleti iliyonse, poganizira mwana ali m'mimba. Katemera wolasa alibe vairasi yamoyo, conco sangadwalitse fuluwenza mai kapena mwana. Ku Soweto, ofufuza otsogoleredwa ndi Shabir Madhi anayesa katemerayu pa amai apakati mu 2011 ndi 2012, ena a HIV ndi ena opanda. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2014, zinaonetsa kuti fuluwenza inacepa ndi pafupifupi theka mwa amaiwo. Inacepanso ndi pafupifupi theka mwa makanda a amai opanda HIV, makanda amene iwo eni sanalasidwe: citetezo anacilandira ali m'mimba. Kwa khanda lobadwa mu May, limene silingalasidwe mpaka November, njira ndi imeneyo. Amene muli pa ma ARV, katemerayu salimbana nao. Pitirizani kumwa monga mwa masiku onse.

Tisanamizane

Katemera wa fuluwenza si wamphamvu ngati wa cikuku. Caka cimene akatswiri asankha bwino mitundu ya vairasi, amacepetsa mpata wodwala ndi 40 mpaka 60 peresenti. Sateteza ku cimfine wamba, satetezanso ku Covid. Conco mudzamva wina akuti, "Ine ninalasiwa koma nadwala, ni boza cabe." Mwina wagwidwa ndi cimfine wamba, mwina anatenga vairasi milungu iwiri isanakwane, mwinanso ndi fuluwenza yeniyeni imene yapyola. Ngakhale zitatero, wolasidwa nthawi zambiri sadwala kwambiri. Kwa munthu ngati ambuya anga, kusiyana kwa kugona kunyumba ndi kugona pa oxygen si kwakung'ono.

Mkono kuwawa, thupi kutentha pang'ono ndi kufooka kwa tsiku limodzi kapena awiri ndi zoyembekezeka. Zikapitirira apo, bwererani kumene munalasidwa kapena pitani kukiliniki; ZAMRA imalandira malipoti a mankhwala amene avuta anthu.

Amene simungakwanitse kugula, pali zinthu zina zosafuna ndalama. Odwala asagone cipinda cimodzi ndi khanda kapena nkhalamba ngati malo alipo. Ngati mwadwala ndipo mukukwera basi, valani masiki aja tinasunga. Lekani kugula makapisozi a amoxicillin pa kantemba: amapha mabakiteriya, vairasi saigwira, ndipo tsiku limene cibayo cidzafike mungapeze kuti sakugwiranso nchito. Mwana wa fuluwenza musamupatse asipirini, angamuononge ciwindi ndi ubongo. Mankhwala ambiri a cimfine ali kale ndi paracetamol, conco kumwera pamodzi ndi panado ndi kumwa kawiri. Ndipo mukaona kupuma mofulumira, nthiti kulowa mkati, milomo kuda, mwana kukana kuyamwa kapena nkhalamba kusokonezeka mutu, ndimu yatha nchito. Thamangirani kucipatala ngakhale ndi usiku.

Nanga boma?

Tisalinamizire boma kuti laiwala. Katemera wa cikuku mwana amalandira kawiri, nkhani yatha. Wa fuluwenza ayenera kugulidwa caka ciliconse, afike April asanathe, ndipo wotsala atayidwe. Unduna wa Zaumoyo uli ndi malungo, kolera ndi TB pa bajeti yomweyo. Zimenezo n'zomveka.

Koma mmene zinthu zilili, amene akulandira katemerayu ndi a m'mayadi ndi a m'maofesi, pamene amene fuluwenza imawagoneka m'cipatala ndi makanda ndi nkhalamba za m'komboni. Dziko lakhala likusonkhanitsa ziwerengero kuyambira 2008, ndipo tili ndi ZNPHI, bungwe limene nchito yake ndi kulondola matenda ndi kulangiza boma. Sipafunika kuyamba ndi dziko lonse. Amai apakati amabwera kale ku sikelo, a HIV amabwera kale kudzatenga mankhwala, manesi ali kale m'zipatala, ndipo mafiriji a katemera alipo kale m'makiliniki. Kuyambira pa magulu amenewo, ngakhale m'maboma ocepa, kungationetse ngati mabedi a June ndi July angapepukidwe. Mafakitale a zitsulo ndi a feteleza a mu Kafue, amene amataya masiku a nchito nyengo yozizira iliyonse, angathenso kuitana cipatala covomerezeka kuti cidzalase anchito ao ndi mabanja ao. Ndipo oyang'anira mankhwala ayendere masitolo ang'onoang'ono April asanafike, cifukwa anthu akayamba kufunsa za katemerayu, ogulitsa a zikwama zakumsana nao adzaculuka.

Ambuya anga analasidwa sabata yaciwiri ya April, pa famase ina ya ku Lusaka imene inandionetsa bokosi, firiji ndi laisensi popanda kunyinyirika. Tinakhala pa benchi mphindi 15 zija, iwo akusisita mkono. "Iwe mdzukulu," anatero, "si ndiwe unandibweretsera matenda aja? Nanga iwe sulasidwa?" Ndinalibe yankho. Ndinawerenga ndalama zotsala, ndinacotsapo za basi, ndinapinda shati.

Pobwerera ndinakhala pafupi ndi windo ndipo ndinalitsegula pang'ono. Panalibe wodandaula, cifukwa kunali kukali kotentha. June akafika adzandikalipira, koma ndidzalitsegulabe.